Wakuwuza ndani?

Mwana wa ku sekondale m'Malawi muno amakhoza mayeso a MSCE chifukwa choloweza. Aphunzitsi amalemba manotsi pabolodi, iye amakopera m'kope, pa mayeso n'kubwezera zomwezo. Amene wabwezera osasiyapo liwu ndiye amatchedwa wanzeru. Akafika ku yunivesite, sabata yoyamba isanathe, ife aphunzitsi timamuuza kuti luso lomwe lamufikitsa pano ndi umbava. Timamuopseza ndi ziro, timupatsa kapepala ka malamulo a APA otchulira mabuku, basi tathana naye.

Kapepalako n'kofunika, koma kamangophunzitsa poika mpumiro ndi poika chaka. Mwana akhoza kudziwa zonsezo osadziwa chifukwa chake. Turnitin nayo yangoonjezera vuto. Imafanizira zolemba za wophunzira ndi zomwe zili kale pa intaneti ndi m'nkhokwe zake, n'kutulutsa peresenti. Ophunzira, omwe sachedwa kuzindikira pamene pali msampha, amachezera usiku kusintha mawu mmodzimmodzi mpaka peresentiyo itsike. Ganizo likadali la mwiniwake, mwiniwakeyo sakutchulidwa, koma makina akhutira. Nkhani za akuluakulu ogwa chifukwa chokopera timazikamba ndithu: Karl-Theodor zu Guttenberg anatula pansi udindo wa nduna ya zachitetezo ku Germany mu 2011 yunivesite ya Bayreuth itamulanda digiri ya PhD. Ana amaseka, mawa lake amakoperanso. Mantha sawaphunzitsa kulemba.

Chimene ndaona kuti chimagwira ntchito ndi funso lomwe aliyense wokulira kumudzi analimvapo pabwalo la milandu. Mboni ikamayankhula, amfumu amaidula: "Kodi zimenezi munaziona nokha, kapena munachita kumva? Nanga anakuwuzani ndani?" Kutchula komwe watenga mfundo ndi kuyankha funso lomweli papepala, woweruza asanafunse.

Ndikafuna kuti izi zimveke, ndimatenga nkhani yomwe onse amaganiza kuti amaidziwa, ya John Chilembwe. Ndimawafunsa zimene ananena kwa anthu ake asanaukire atsamunda pa 23 January 1915. Manja amakwera msanga, pakuti mawu akuti amenye kamodzi kenako afe anawamva kuyambira ku pulayimale. Ndikafunsa amene analemba mawuwo pa msonkhano wake ku Mbombwe, m'kalasi mumakhala zii.

Apa ndiye timayamba kulondola mapazi. Chilembwe anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho, ndipo sanasiye buku lofotokoza cholinga chake. Mawu otchukawo amachokera m'zolemba za George Simeon Mwase, zomwe Robert Rotberg anasindikiza mu 1967 ndi mutu wakuti Strike a Blow and Die. Mwase sanali nawo pa msonkhanowo. Analemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ali m'ndende, atamva nkhaniyi kwa Wallace Kampingo, mmodzi mwa anthu a Chilembwe amene anamangidwa. Choncho pakati pa pakamwa pa Chilembwe ndi kope la wophunzira pali munthu wokumbukira zakale, wina wolemba zomwe wamva patapita zaka zoposa 15, ndi mkonzi wa ku America. Izi sizikutanthauza kuti Mwase ananama. Zikutanthauza kuti chiganizo chakuti "Chilembwe anati" n'chosiyana ndi chakuti "Mwase analemba kuti Chilembwe anati", ndipo chachiwiricho n'chimene wolemba woona mtima angaikire kumbuyo.

Kenako timaika pambali pake umboni woperekedwa ku komiti yofufuza yomwe boma la atsamunda linakhazikitsa kuukirako kutatha. Awa ndi mawu a anthu a nthawi yomweyo, inde, koma Mwafirika woyankhula pamaso pa azungu, anzake atangonyongedwa kumene, akanayankhula momasuka bwanji? Timaonanso buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958, Independent African, ndi mmene D.D. Phiri anailembera nkhani yomweyi monga Mmalawi. Ophunzira amayamba kukangana okha za amene angamukhulupirire pa mfundo iti. Akafika pamenepo, dzina ndi chaka amaziika osakakamizidwa, chifukwa popanda izo mkangano wawo sukumveka: sungatsutse Mwase usanamutchule.

Ndikuvomereza kuti njira iyi imadya nthawi, ndipo anzanga ophunzitsa makalasi a anthu mazana amandiyang'ana cham'mbali ndikaikamba. Mabuku nawonso ndi ochepa. Kope limodzi m'laibulale limadikiridwa ndi kalasi yonse, ndiye foni ndi imene imapulumutsa. Sindiletsa foni. Wikipedia ndi poyambira pabwino kwa amene amatsikira pansi pa tsamba kukaona komwe nkhaniyo yachokera.

Choopsa chenicheni chinabwera ndi ChatGPT kumapeto kwa 2022. Imatha kupeka dzina la buku, mlembi, chaka ndi tsamba, zonse zolembedwa mwa APA mopanda cholakwika. Mu 2023 maloya ena ku New York analipitsidwa chindapusa cha madola 5,000 atapereka kukhoti zigamulo za milandu yomwe sinachitikepo, zochokera ku makina omwewa. Amene tinangomuphunzitsa mipumiro alibe chomutetezera pamenepa, pakuti mipumiro yonse ili m'malo mwake.

N'chifukwa chake masiku ano asayimenti iliyonse ndimafuna ibwere ndi chithunzi cha masamba atatu mwa omwe atchulidwa, chiganizo chomwe wagwiritsa ntchito chitalembedwa mzere kunsi, ndi mizere iwiri yonena kuti mlembiyo ndi ndani ndipo anazidziwa bwanji. Malikisi a mpumiro ndinawachepetsa, a mizere iwiriyo ndinawachulukitsa. Kuchonga kumatenga nthawi yaitali kuposa kale, ndipo mndandanda wa mabuku kumapeto kwa asayimenti wafupika kwambiri, popeza tsopano mukumakhala okhawo amene mwana anawatsegula.