Kwa eni kulibe mkuwe, makamaka ukadwala

Pa mitu yomwe ndimaphunzitsa m'jogalafe, wa kusamuka kwa anthu ndi umene ana amaukonda kwambiri. Ambiri ali ndi achimwene kapena amalume ku Joni, ndipo maso awo amakhala pa ndalama zomwe munthu amapata kunja. Koma ine funso limene limandisowetsa mtendere ndi lakuti, munthu ukadwala kwa eni amakulipirira ndani? Zomwe anthu a ku Mexico amakumana nazo ku America zimayankha funsoli.

Anthu obadwira ku Mexico omwe akukhala ku America ndi oposa 10 miliyoni. Kumeneko chipatala si chaulere monga tidazolowera m'zipatala zaboma kuno. Munthu amalipira inshulansi ya zaumoyo mwezi ndi mwezi, ndipo ambiri amaipeza kudzera kuntchito. Tsoka ilo, ntchito zomwe a ku Mexico ambiri amagwira, monga kuthyola zipatso m'minda ya ku California, kumanga ndi kutsuka mbale m'malo odyera, kawirikawiri sizikhala ndi inshulansi.

Boma lili ndi thandizo la osauka lotchedwa Medicaid, koma malinga ndi lamulo la 1996, ambiri mwa omwe adaloledwa kukhazikika m'dzikomo amadikira zaka zisanu asadalipeze. Lamulo la 2010 lomwe Barack Obama adasainira lidatsegulira anthu ochuluka mwayi wa inshulansi, koma opanda mapepala lidawasiya panja. Amadalira lamulo la 1986 lokakamiza zipatala kuthandiza aliyense amene wafika ali kayakaya. Amathandizidwa ndithu, koma bilu imamutsatira kunyumba.

Malamulo pambali, palinso momwe eni ake amaionera nkhaniyi. Kwawo ku Mexico, munthu akamva m'thupi amatha kupita kwa dokotala amene amakhala pambali pa sitolo ya mankhwala, n'kulipira pang'ono, basi. Ndiye mukamuuza kuti azilipira mwezi ulionse asakudwala, komanso kuti akadwala ayambe walipira gawo lina m'thumba mwake inshulansi isadalowererepo, amaona ngati n'kutaya ndalama. Ndalama yomweyo akuiyembekezera mayi ake kumudzi. Ine amene malipiro amandithera mwezi usadafike pakati, maganizo amenewa ndimawamvetsa.

Chachikulu china ndi mantha. Fomu ya inshulansi imafunsa dzina, komwe ukukhala ndi ndalama zomwe umapeza. Mwana wobadwira ku America ndi nzika, ndipo ngati banjalo n'losauka ali ndi ufulu wothandizidwa, koma kholo lopanda mapepala limaopa kumulembetsa poganiza kuti likudziulula kwa a zolowa ndi kutuluka. Choncho mwana amakhala osaonedwa ndi dokotala, ufulu ali nawo.

Komabe anthuwa sadangopinda manja. Ena amapita kuzipatala zazing'ono za m'madera zomwe zimalipiritsa malinga ndi kapezedwe ka munthu. Boma la Mexico, kuyambira mu 2003, lidayamba kutsegula m'maofesi a akazembe ake malo otchedwa Ventanilla de Salud, komwe anthu amayezedwa shuga ndi BP, n'kulangizidwa m'Chisipanishi kopita. Ena amawoloka malire kukachotsa dzino ndi kugula mankhwala ku Tijuana kapena ku Los Algodones. Koma njira imeneyi ndi ya okhawo ali ndi mapepala, chifukwa wopanda mapepala akatuluka sadziwa ngati adzalowanso.

Mapeto ake, matenda ngati a shuga, omwe akadagwidwa msanga, amapezeka impso zitaonongeka kale. Munthu amene amathyola zipatso zomwe dziko lonse likudya sayenera kusankha pakati pa kuonana ndi dokotala ndi kuthamangitsidwa.

Kwa achinyamata athu omwe mitima ili paulendo, ndikuti funsani za malipiro, inde, koma funsaninso za chipatala. Mufunse abale anu ali kunjako kuti tsiku lomwe adadwala adalowera kuti, adalipira zingati, ndipo adawaperekeza ndani.