Ku Longjing, Kumene Tiyi Anabala Ndakatulo

Makolo athu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwambi umenewu tinauphunzira tili ana, koma tanthauzo lake tinakalimvetsa kutali, m'dziko la China, pa kamudzi kochedwa Longjing.

Mudziwu uli m'mapiri a kuseri kwa nyanja yochuka ya West Lake, pafupi ndi mzinda wa Hangzhou. Tinakwerako kumapeto kwa mwezi wa Malichi, m'nyengo ya Lenti, nkhungu ikali m'zigwa. Zitsamba za tiyi zofika m'ciuno zinandandalika m'mizere mpaka pamwamba pa phiri, ndipo amai ovala zipewa zazikulu anali kuthyola nsonga zanthete zokhazokha, imodziimodzi, naziponya m'timadengu. Tiyi wa mtengo wapatali ndi uja wothyoledwa lisanafike tsiku la Qingming, pa 4 kapena 5 Epulo, pamene mabanja amapita kukasesa manda a makolo ao, monga ife tikumbukira akufa athu pa 2 Novembala.

Pakhonde pa nyumba ina tinapeza mkulu wina alikukazinga masambawo m'ciwaya cacikulu ca citsulo. Mthiko analibe, dzanja lake ndilo linali kuwatembenuza ndi kuwapanikiza kufikira atauma naphwatalala. Kutenthako kumaletsa masamba kuda, ndiye cifukwa cake tiyi wao amakhala wobiriwira pamene wathu wa m'sitolo ndi wakuda.

Atatipatsa mipando, anaika masamba pang'ono m'matambula, nathiramo madzi otentha koma osabwata. Ife, pozolowera za kwathu, tinaunguzaunguza shuga ndi mkaka, ndipo mmodzi wa ife anayamba kale kuuzira kuti amwe msanga. Mkuluyo anaseka, natiuza kupyolera mwa womasulira kuti: "Dikirani, alendo anga, masamba ayambe atsika okha." Tinacita manyazi. Tinakhala cete kuyang'ana timasamba tilikufunyululuka ndi kumira pang'onopang'ono. Podikirapo nkhani zinabuka zokha: za ana, za mvula, za kutalika kwa njira yathu. Madzi anathiridwa katatu pa masamba omwewo, ndipo pamene tinanyamuka sitinalinso alendo.

Apo tinazindikira cifukwa cake cakumwa cimeneci cabala ndakatulo zambiri m'dzikolo. Munthu wodikira amayamba kuona ndi kulingalira. Ca m'ma 760, Lu Yu, mwana wamasiye woleredwa ndi amonke a cipembedzo ca Buddha, analemba Cha Jing, buku loyamba lofotokoza za tiyi. M'mitu yake 10 anakamba za kakololedwe, ziwiya ndi madzi, naweruza kuti a kasupe wa m'phiri aposa a mumtsinje, ndipo a mumtsinje aposa a pacitsime. Pambuyo pake mlakatuli Lu Tong, pothokoza mnzace amene anamtumizira tiyi watsopano, anawerenga mbale 7 zimene anamwa ndi cimene iliyonse inamcitira, kuyambira kunyowetsa kukhosi mpaka kupepuza thupi lonse. Koma pomaliza anakumbukira anthu osauka ovutika m'matanthwe pothyola masambawo. Ife amene tinali titaona kumene amai aja paphiri tinamumva bwino lomwe.

Wokondedwa koposa ku Hangzhou ndi Su Shi, amene anakhala bwanamkubwa wa mzindawo mu 1089. Iye anakumbitsa matope amene anali kutseka nyanja, namangitsa nao msewu wodutsa pamadzi, umene udziwika ndi dzina lake mpaka lero. Adani ake a ku nyumba ya mfumu anampirikitsa, ndipo mu 1097 anatumizidwa ku cisumbu cakutali ca Hainan. Kumeneko mu 1100, ali nkhalamba ya zaka zoposa 60, analemba za kupita yekha usiku kumtsinje kukatunga madzi ophikira tiyi. Udindo anamlanda, kwao anamcotsa, koma mtima wokondwera ndi tinthu tating'ono sanathe kumlanda.

Tisanacoke mumzindamo tinakagwada m'chalichi ca Maria Wopanda Chimo Lobadwa Nalo, cimene anayamba kumanga Bambo Martino Martini, Myezuiti wa ku Italy amene anafera ku Hangzhou mu 1661. Mu bata la m'chalichimo tinadzifunsa za nyumba zathu. Kodi si zoona kuti ambiri a ife timamwa tiyi ciimirire, atate maso ali pa foni, amai ali m'khichini, ana athamangira kale? Tidya pamodzi osaonana; kenaka tidabwa kuti mwana wakula osadziwa mbiri ya agogo ake, ndi kuti pemphero la madzulo lazilala.

Sitinena kuti muleke shuga, iai. Tipempha cabe kuti Lamulungu likudzali, mukacokera ku Misa, muike ketulo pamoto, muitane ana ndi agogo, mukhale pansi. Musafulumire. Agogo akayamba nthano, asiyeni amalize. Mwina pakati pa ana anuwo pali mlakatuli amene angodikira kuti panyumba pakhale bata kuti nkhono itulutse maso.