Malipenga a ku Jaipur

Malipenga a mkuwa adafika ku India ndi asilikali a Angerezi. Atsamundawo adachoka mu 1947 koma malipenga adatsala, pakuti eni dziko adali atawazoloweza kale nyimbo za ukwati, zoimba mkwati ali pa kavalo, abale akuvina mumsewu.

Gulu la Jaipur Kawa Brass Band, la m'chigawo cha Rajasthan, lidatengera nyimbozi ku zikondwerero za ku Ulaya, pamodzi ndi mayi wovina gule wa Kalbeliya. Ine zimenezi sizindidabwitsa, poti beni ndi malipenga athu a kunyanja adabadwiranso pa perete wa asilikali. Chondidandaulitsa n'chakuti pansanjapo palibe mkwati. Oonerera amalipira pakhomo, naomba m'manja, ambiri osadziwa kuti kwawoko nyimbo zotere n'zoperekezera munthu kwa apongozi ake.