Mbendera Ikatsika



Mayi anga ali ku Ntcheu. Tsiku limene ndinawatumizira kanema wa mdzukulu wawo pa WhatsApp sanalembe uthenga, anachita kuimba foni. Funso lawo linali limodzi: "Kodi iwe, mwanayu wakulakwira chiyani?" M'kanemamo munali mtsikana wa zaka 13 atavala chisoti, akutsetsereka pa chitunda cha chipale chofewa, kenako n'kusiya nthaka, n'kuyandama m'malere mamita oposa 50 asanatere. Ndinawauza kuti kuno ku Norway amenewa ndi masewera monga mpira, ndipo ndinawakumbutsa kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma mawu anga analibe mphamvu, pakuti funso lawolo ndinali nditadzifunsa kale kambirimbiri.

Ndiyambe ndafotokoza masewerawo, popeza ambiri a ife tinakulira kumene kuzizira kumathera pa mame a mwezi wa June. Ma ski ndi matabwa awiri aatali, opyapyala, amene munthu amamangirira kunsapato kuti azitsetsereka pa chipale. Wodumpha amakwera nawo pamwamba pa nsanja n'kukhala pa kamtanda kopingasa. Kutsogolo kwake kuli tinjira tiwiri totsika ngati njanji. Akangodzuka pa kamtandako alibenso buleki, alibe pokhotera. Amanyonyomala, manja ali kumbuyo, ndipo pa zitunda zikuluzikulu amafika kumapeto kwa tinjirato ali pa liwiro la makilomita pafupifupi 90 pa ola. Ambiri amayesa kuti kumapetoko n'kopindikira m'mwamba kuti kumuponye munthu. Ayi, n'kopendekera pansi pang'ono. Chomwe chimamunyamula ndi miyendo yake, ndipo nthawi yoiwongola siikwana ngakhale theka la sekondi. Akachoka pamenepo amatambasula nsonga za ma ski ngati chilembo V, n'kugona pa mphepo chafufumimba. Kadumphidwe ka V kameneka kanatchuka ndi Jan Boklöv wa ku Sweden chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kale onse ankadumpha ma ski atagundana.

Chitunda chilichonse chili ndi nambala yoyamba ndi chilembo K, yosonyeza mamita kuchokera podumphira kukafika pamene chitundacho chimayamba kuleka kutsetsereka. Chitunda chotchuka cha Holmenkollen ku Oslo, kumene mipikisano inayamba mu 1892, ndi K120. Mwana wanga anayamba ali ndi zaka 8 pa kachulu ka K10, kamene ngakhale ine ndinkakaseka. Chaka ndi chaka anakwera: K20, kenako K40, kenako K60. Ine ndinkanyamula ma ski, kuwapaka phula madzulo, ndi kuima m'chisanu ndi botolo la tiyi. Mantha anga ankakula limodzi ndi manambalawo, koma ndinkawameza.

Anagwa Loweruka lina m'mwezi wa February, pa chitunda cha K60 cha kufupi ndi kwathu kuno. Ndinali m'munsi ndipo ndinaona zonse. Atafika podumphira anawongola miyendo mwatheka, ngati munthu amene wayamba kudzuka pampando kenako n'kusintha maganizo. M'malere ski imodzi inagwa mphuno, thupi linapendekera kumanzere, ndipo anakhudza pansi ndi phewa. Anagubuduzika mpaka pafupi ndi mapazi anga, chipale chili mbuu. Anathyoka fupa la paphewa. Tili m'chipatala usiku umenewo ndinauza mayi ake kuti basi, zatha, ma ski aja ndikawagulitsa.

Patapita milungu iwiri mphunzitsi wake anabwera kunyumba kudzamuona. Ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, amene anadumphapo ali mnyamata. Ndinamufunsa mosabisa ngati chitundacho sichinali chachikulu kuposa msinkhu wa mwana. Anatulutsa foni, n'kundionetsa kanema wa kugwako pang'onopang'ono. Anati liwiro linali labwino, mphepo inali yabwino, ndipo mwanayo anali atadumpha pomwepo kangapo konse bwinobwino. Chinamugwetsa n'chakuti pa mamita omaliza anafuna kudziteteza. Munthu akachita mantha thupi limabwerera m'mbuyo lokha, mutu umadzuka, kulemera kumapita ku zidendene. Pansi pano kumeneko n'kudzisamala, koma podumphira n'kumene kumapweteketsa, chifukwa mphepo imanyamula amene waigonera ndi mtima wonse, ndipo imamutaya amene waigonera mokayika.

Mawu amenewa anandibwezera ku mtsinje wa kwathu. Panali thanthwe pamwamba pa dziwe, pamene anyamata tinkadumphira tikachoka kobusa. Pa zaka zonse zija sindikumbuka wina amene anavulala chifukwa chodumpha. Amene anavulala anali mnzathu wina amene anathamanga mpaka m'mphepete, n'kufuna kuima pa phazi lomaliza. Anaterereka, nakhulika msana wonse pa thanthwe asanagwere m'madzi. Ife tinamuseka kuti ndi wamantha, koma mantha tinali nawo tonse. Kusiyana kwake kunali kwakuti iye anaganiza mochedwa.

Ma ski sindinawagulitse. Fupa litapola, mwana anabwera pamene ndinakhala n'kunena kuti, "Adadi, ndikufuna kubwerera. Ndipo ndikufuna kukafika pa K90." Ndinamuyankha kuti ndikaganize, koma ndinadziwa kuti ndikamuletsa, chomwe adzakumbukire pa masewerawa moyo wake wonse chidzakhala kugwa kuja.

Kukonzekera kunatenga miyezi khumi, ndipo mbali yaikulu inachitikira kumene kulibe chipale n'komwe. Thupi la wodumpha limamangidwa m'chilimwe. Ankanyonyomala ndi zitsulo paphewa kuti ntchafu zilimbe, ankadumpha timipanda totsatizana ndi miyendo yonse iwiri, ankayenda pa chingwe chomangidwa pakati pa mitengo kuti aphunzire kukhazikika. Madzulo aliwonse ankawongola akakolo ndi msana, pakuti amene akakolo ake ndi ouma sangathe kunyonyomala mozama chidendene chili pansi. Ankalimbitsanso minofu ya pamimba ndi yozungulira mawondo, popeza mawondo ndiwo amalandira thupi lonse potera. Koma chimene ankachita kwambiri n'chimene chimaoneka chopepuka: kunyonyomala pa kathabwa ka matayala, kutsetsereka pang'ono, n'kudumphira m'manja mwa mphunzitsi, amene amamugwira m'chiuno n'kumunyamula pamwamba pa mutu. Tsiku lina mphunzitsi anandiphunzitsa kagwiridwe kake, ndipo kuyambira pamenepo ndinkamuwakha ndine, kuseri kwa nyumba, kakhumi, kamakumi awiri, mpaka mapewa anga kuwawa. Cholinga chake n'chakuti miyendo idziwe yokha nthawi yowongoka, kuti pa tsiku lenileni mutu usapeze mpata wolowererapo. Pambuyo pake anabwerera pa zitunda, zimene m'chilimwe amaziyala mapulasitiki othiridwa madzi. Anayambiranso pa K20, pakati pa tiana tofika m'chiuno mwake, ndipo sanachite manyazi.

Pali mbali ina ya kukonzekera thupi imene inandidzidzimutsa kuposa kugwa. Chakumapeto kwa chilimwe ndinaona kuti mwana wayamba kusiya nsima m'mbale. Kwathu kuno ufa timachita kuufunafuna m'masitolo a anthu a ku Africa, ndipo Lamlungu lililonse timadya nsima. Iye ndiye ankayamba kusamba m'manja. Tsopano ankangotsina kambamu kamodzi n'kunena kuti wakhuta. Pa masewera amenewa munthu wopepuka amauluka patali, ndipo ana amazindikira zimenezi msanga popanda wowauza. Vutoli ndi lakale, moti mu 2004 bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse linaika lamulo lakuti pa mipikisano ya akuluakulu wodumpha wowonda mopitirira muyezo azipatsidwa ma ski aafupi, kuti kudzimana chakudya kusamapindulitse. Komabe lamulo silifika m'mbale ya mwana wa zaka 14.

Amene anatithandiza ndi Maren Lundby, ngakhale satidziwa. Iyeyu ndi mkazi wa kuno amene anapambana mendulo ya golide pa Olimpiki ya ku PyeongChang mu 2018, ndipo chithunzi chake chili pakhoma kuchipinda kwa mwana wanga. Mu 2021 analengeza poyera kuti sapikisana nyengo yonseyo, kuphatikizapo Olimpiki ya ku Beijing ya 2022, chifukwa sanafune kuwononga thupi lake pofuna kuchepetsa kulemera. Mayi ake a mwana anamukhazika pansi n'kumukumbutsa nkhani imeneyi, ndipo anamuuza mosapita m'mbali kuti m'nyumba muno wosadya sadumpha. Tinauzanso mphunzitsi, amene anagwirizana nafe: miyendo yanjala siikankha. Panapita milungu ingapo, ndipo mbale inayambanso kubwerera yoyera.

Kukonzekera mtima kunali kwachete. Usiku asanagone ankatseka maso n'kudumpha m'maganizo, kuyambira pomanga nsapato mpaka poima m'munsi, pa liwiro lake lenileni. Poyamba, akafika podumphira m'maganizomo, ankadziona akugwa, ndipo ankayambiranso mpaka atatera bwino. Mphunzitsi anamuuza kuti pamwamba pa nsanja asamapite ndi malangizo khumi, koma liwu limodzi lokha. Iye anasankha liwu la Chichewa, lakuti "patsogolo", ati chifukwa palibe mnzake amene angalimve akamalinong'ona. Anakhazikitsanso kachitidwe kosasintha: kuyang'ana zomangira nsapato kawiri, kukonza magalasi, kupuma mozama katatu, kuyang'ana mphunzitsi. Ndipo anapangana chinthu chimodzi chimene chinandikhazika mtima pansi ngakhale ine. Malinga akadali pa kamtanda, ali ndi ufulu wonse wobwerera, ndipo palibe amene adzamufunse chifukwa. Koma akangodzuka, nkhani yatha. Kukayika konse kuthere pa kamtanda.

Ineyo ndinali ndi kukonzekera kwanga. Mphunzitsi anandikokera pambali tsiku lina n'kundiuza mwaulemu kuti mwana amayang'ana nkhope yanga asanakwere, ndipo amawerenga zonse zolembedwapo. Ndinali ndi chizolowezi chomuuza kuti "usamale" ndikamamupatsa ma ski. Kwathu limeneli ndi liwu la chikondi, limene mayi amauza mwana wokwera basi. Koma kwa munthu amene akupita kukagonera mphepo, "usamale" amatanthauza kuti bwerera m'mbuyo. Ndinaphunzira kumupatsa ma ski n'kungoti, "Ndikudikira m'munsi, mama." Zinandivuta kuposa mmene ndingafotokozere.

Tinapita ku Lillehammer mu December. Kumeneko kuli zitunda ziwiri zoyandikana za Lysgårdsbakken, zimene zinamangidwira Olimpiki ya 1994, ndipo chaching'onocho ndi K90. Mphunzitsi anavomera ulendowu ataona kuti pa K60 mwana akudumpha mofanana nthawi iliyonse, osati tsiku labwino lokha. M'mawa anayamba wangotsetsereka pa malo oterapo okha, osadumpha, kuti miyendo ilawe liwiro ndi kutsetsereka kwake. Anatero katatu. Kenako anakwera pamwamba.

Kuchokera m'munsi ankaoneka ngati kadontho. Mphunzitsi anaima pa kansanja ka m'mbali, mbendera ili m'mwamba, maso ali pa tinsalu tosonyeza mphepo. Mphepo yochokera kutsogolo imanyamula wodumpha, yochokera kumbuyo imamukanikizira pansi, ndipo yam'mbali ndiyo yoopsa. Anadikira. Ndinaona kadontho kaja kakusuntha kuchoka pa kamtanda n'kubwerera pa masitepe. Mtima wanga unati bwino, tiyeni tizipita kwathu. Anakhala pambali mphindi zingapo, anzake awiri n'kudutsa. Kenako anabwereranso pakati pa kamtanda. Mbendera inatsika.

Phokoso la ma ski m'tinjira tija limamveka ngati nsalu ikung'ambika, ndipo limaleka mwadzidzidzi. M'kachetechete ameneyo ndinamuona akutuluka pamwamba pa chitunda atagona pa mphepo, mutu uli patsogolo, osagwedezeka. Anakhala m'malere masekondi ochepa chabe. Anatera pa mamita 76, kutali ndithu ndi mzere wa K, miyendo yonse pamodzi, osati phazi limodzi patsogolo monga amafunira oweruza. Pa mpikisano sakanapeza kanthu. Anafika pamene ndinaima, n'kukweza magalasi, ndipo ndinaona kuti milomo ikunjenjemera.

Ndinamufunsa chimene chinamubweza poyamba paja. Anati, "Ndinali ndisanamalize kuopa, adadi." Ndinafunsa ngati kachiwiriko mantha anali atatha. Anapukusa mutu, nati analipobe, koma anali atagwirizana nawo kuti atsale pa kamtanda. Atatero ananyamula ma ski paphewa lomwe lija linathyoka, n'kubwerera kukakwera.

Madzulo tili m'sitima yobwerera ku Oslo tinaimbira agogo ake ku Ntcheu. Kanema anali atamuona kale. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa mdzukulu wawo ngati kumwambako kumazizira, ndiponso ngati wadya. Mwana anayankha kuti eya agogo, ndadya, ndipo mawa kuli nsima. Za funso lija la chimene mwanayu anandilakwira sanalibwerezenso, ngakhale ndikudziwa kuti sanalitaye. Inenso sindinalitaye. Pafupi ndi chitunda cha K90 pali chachikulu chija, ndipo ndinamuona akuchiyang'ana pamene tinkanyamuka.