Tinsalu ta pamkono ta amayi a kunkhondo

Anyamata ena pano pa Dedza ayamba kusoka tinsalu ta pamkono tabodza, ndipo zikundipweteka mtima. Amagula malaya oyera pa kaunjika, n'kudula kachidutswa, kusokapo mtanda wofiira, kukaviika m'tiyi, kukayanika padenga. Akatero amadikira alendo opita kukaona zojambula za pamiyala ku Chongoni, n'kumawauza kuti kanavalidwa ndi mayi wina pa nkhondo ya Hitler. Wina anafika polembapo zilembo za KAR, amvekere kanali ka msilikali wamkazi. Bodza lamkunkhuniza! Gulu la KAR, kutanthauza King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo chipilala chake chili ku Zomba, asilikali ake anali amuna. Amayi amene ankapezeka pafupi ndi nkhondozo ambiri anali anamwino, ndipo kansalu ka namwino kali ndi malamulo ake.

Ine ndine telala. Zimene zimandidyetsa ndi mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a ukwati, koma m'bokosi lachitsulo pansi pa makina anga a Singer ndimasungamo tinsalu ta pamkono, mabaji ndi mabatani akale. Anthu amandibweretsera kuti ndiwauze ngati n'zenizeni, ena kuti ndikonze pamene njenjete yadya.

Diso lozindikira zimenezi anandipatsa ndi malemu atsibweni anga. Iwo anaphunzira kusoka ku usilikali, ndipo anali nawo ku Burma mu 1944 pamodzi ndi asilikali ena a ku Nyasaland. Za kuombana sankakamba. Ukawafunsa, ankayamba za mvula ya kumeneko, mmene inkaoletsera ulusi, ndi za anamwino amene anawasamalira atagwidwa ndi malungo. Nditapita kukakhala kwa iwo kuti ndiphunzire ntchito, sanandilole kukhudza makina. Ankandipatsa jekete yakutha ndi lezala kuti ndiphwasule msoko uliwonse popanda kudula nsalu, ndipo ndikamaliza ankandifunsa kuti, "Mphwanga, amene anasoka jeketeyi anali wothamanga kapena wodekha? Singano yake inali yatsopano?" Ndikayankha mongoganizira ankangonditembenuzira jeketeyo kunsi n'kutuluka panja kukaothera dzuwa. M'mawa wa mu June, kuzizira kuja kwa kuno zala zitauma gwa, ankandiuza kuti ndiike manja m'khwapa kaye, chifukwa chala chozizira sichimva kusiyana kwa thonje ndi nsalu yosakaniza. Ankakonda nsalu ya David Whitehead ya ku Blantyre, ndipo ankainunkhiza asanaidule. Mpaka lero ndikagwira nsalu ndimayamba ndaitembenuza.

Za kuyeza kukula kwa kansalu ndi kuona maonekedwe a mtanda sindichedwapo, aliyense angathe. Pamene pagona ntchito ndi pa ulusi. Wopanga zabodza amasamala nsalu, koma ulusi amangotenga womwe uli pamakina, ndipo wa masiku ano pafupifupi wonse ndi wa polyester. Polyester anaipanga koyamba ku Britain mu 1941, koma anthu wamba anayamba kuivala cha m'ma 1950. Choncho kansalu kamene akuti n'ka 1943 koma kosokedwa ndi ulusi umenewu kagwa kale mayeso. Ndimasolola kaulusi kakafupi kwambiri mkati mwa mpindiro, mwini wake akuona ndipo atavomera, n'kukagwira ndi kopanira, n'kuyatsa machesi. Thonje limayaka msanga, limanunkha ngati pepala lopsa, ndipo phulusa lake limafufutika pakati pa zala. Ubweya wa nkhosa umanunkha tsitsi lowauka. Polyester imathawa moto, imasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Ena amawotcha ngodya yonse ya kansalu poyesa zimenezi, kumene kuli kuwononga chinthu chimene sichidzapezekanso.

Ndikachoka pa moto ndimatseka chitseko n'kuyatsa katochi kaja koonera ndalama zachinyengo. Nsalu yoyera ya masiku ano amaithira mankhwala owalitsa, ndipo pansi pa katochiko imawala mwabuluu. Yakale imangokhala phee. Koma apa mpofunika nzeru, chifukwa kansalu kenikeni kamene mdzukulu anakachapa ndi sopo waufa nakonso kamawala. Ndiye ndimayang'ana mkati mwa mpindiro momwe madzi salowa bwino.

Kenaka chidindo. Kansalu koyera ka mtanda wofiira kanayamba ndi mgwirizano wa ku Geneva wa 1864, ndipo wa 1949 umanena kuti wachipatala wa asilikali azikavala kumkono wamanzere, kataperekedwa ndi kudindidwa ndi akuluakulu a asilikali. Inki yakale imalowa mu ulusi, imazilala pamodzi ndi nsalu, ndipo pamene kansalu kankapindika imafufutika. Ya anyamata aja imakhala pamwamba, yakuda bii, chonsecho nsalu yozungulira akuti yakalamba.

Komabe si chenicheni chilichonse chili ndi chidindo. Kuno tili m'malire, msewu wopita ku Ntcheu mbali ina ndi Malawi, mbali ina ndi Angónia wa ku Mozambique. Chipani cha FRELIMO chinakhazikitsa gulu la amayi la Destacamento Feminino mu 1967, momwe munali Josina Machel amene anamwalira pa 7 April 1971, ndipo nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi inayambiranso m'chigawo cha Tete mu 1968. Amayiwo ankasenza zida, ankagwira mfuti, ena ankasamalira ovulala ndi ana amasiye. Nkhondo yachiwiri, ya RENAMO, itakula mu 1986, anthu othawa nkhondo anadzaza midzi ya Dedza ndi Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Mayi wina wachikulire amene anatsalira kuno anabwera ndi kansalu atakakulunga m'mpango. Kanali kosokedwa pamanja, mtanda wake wodulidwa ku chitenje chofiira, mikono yake yosalingana. Mkati munali mzere wachikasu wa thukuta, ndi timabowo tiwiri tadzimbiri pamene phini inkalowa nthawi zonse. Panalinso msoko wachiwiri wochepetsera, wa ulusi wina. Ndinati, "Amayi, kodi munakachepetsa ndinu?" Iwo anati, "Eya bambo, tinawonda kutchireko, kankangotsika." Wonama sangaganize zosoka msoko umenewo. Kansaluko sanandigulitse, ndipo sindinawakakamize. Ndinangotseka pamene panang'ambika ndi ulusi wa thonje, ndikulowetsa singano m'mabowo akale omwewo.

Zovala za atsikana a Malawi Young Pioneers nazonso zikusowa, chifukwa asilikali atawalanda zida mu December 1993 pa Operation Bwezani, mabanja ambiri anaotcha kapena kukwirira chilichonse chifukwa cha mantha. Baji ya mtsikana wa Payoniya ikafika m'manja mwanga ndimalemba papepala dzina la mudzi ndi zimene mwini wake wanena, chifukwa popanda mawu amenewo wodzaipeza m'tsogolo sadzadziwa kuti inali ya ndani.

Makasitomala ndiye amatopetsa. Munthu amakhala nane masana onse, ndamuyatsira machesi, ndamuonetsa chidindo, koma ndikatchula mtengo wa ntchitoyo amati, "Kungoyang'ana basi?" Wina ukamuuza kuti chimene anagula n'chabodza amakwiyira iwe, osati amene anamugulitsa. Ena amafuna ndichape kansalu kayere, ndichotse dzimbiri, ndisite, ndipo ndimakana chifukwa umboni wonse uli m'litsiromo. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ulusi wa thonje weniweni ndimachita kuitanitsa ku Lilongwe, ndipo mtengo wake sukhazikika.

Mdani wina ndi nkhungu ya m'phiri muno. Kansalu ukakaika m'jumbo kamachita chuku mwezi usanathe. Ine ndimakulunga kalikonse m'nsalu yoyera ya thonje yochapidwa kale, ndimachotsa phini n'kuisunga payokha kuti dzimbiri lisapitirire kudya, ndipo dzuwa likatentha mu October ndimatsegula bokosi n'kutiyala tonse pamthunzi kuti tipitidwe mphepo.