Kukhala chete si kuvomera

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, ndiyambe ndi kuulula. Pa staff meeting yathu yapitayi ahedi anafunsa kuti, "Tonse tagwirizana?" Tonse tinangoti zii. Titatuluka ndiye kung'ung'udza kuseri, ndipo ine ndinali patsogolo. Madzulo ake, ndikukonzekera phunziro la Python la ana a kalabu ya kompyuta, ndinakumbukira nkhani ya anthu amene amapanga Python yemweyu, manyazi nkundigwira.

Python anayambitsidwa ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands, ndipo anatuluka koyamba mu 1991. Aliyense ali ndi ufulu woona mmene analembedwera ndi kuthandiza kumukonza. Komabe kwa zaka zambiri, anthu akalephera kumvana, mawu omaliza ankakhala a Guido. Mu 2018 kunabuka mkangano woopsa chifukwa cha kachizindikiro kakang'ono, :=, kamene anakafotokoza mu chikalata cha PEP 572. Guido anakavomereza, koma mkanganowo unamutopetsa kwambiri moti mu July chaka chomwecho anatula pansi udindo osasankha womulowa m'malo.

Anzakewo sanabalalike. Analemba poyera njira zingapo za utsogoleri, anakambirana, nkuvota. Kumayambiriro kwa 2019 anasankha komiti ya anthu 5, Guido ali mmodzi mwa iwo. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale ukhale mutu wa mwini nyumba.

Koma chimene chimandigwira mtima si votiyo ayi. Wofuna kusintha chinthu chachikulu mu Python amalemba chikalata chofotokoza zifukwa zake, ndipo momwemo amalembamonso maganizo amene anakanidwa, ndi chifukwa chake anakanidwa. Amene wagonja amadziwa kuti anamvedwa. Wobwera patapita zaka amawerenga yekha, sayambitsanso mkangano wakale.

Nanga ma minitsi athu timalembamo chiyani? "Tinagwirizana kuti..." basi. Wotsutsa dzina lake mulibe, mfundo zake mulibe. Nchifukwa chake nkhani imodzimodzi imabweranso teremu iliyonse.

Ndiye pa msonkhano ukubwerawu ndidzakweza dzanja. Mwina ndidzagonja, palibe kanthu, koma ndidzapempha alembi kuti alembe chifukwa chimene ndakanira. Inu ana anga amene muli m'makomiti kumene mukugwira ntchitoko, mukaona mnzanu wangoti duu, mufunseni maganizo ake musanatseke nkhani.