Masiku amene katundu ankabwezedwa

Golosale yakale ya pamphambano kwathu anaigawa patatu. Chipinda china akugulitsamo mafoni, china mababu ndi zipangizo za sola, chinacho mafuta odzola. Pakhonde pomwe pankakhala telala ndi makina ake opalasa pali benchi ya mnyamata wotumiza ndalama pafoni. Nditalowa kuti ndigule tchaja, maso anga anagwera pa katoni yokhomedwa pamwamba pa kauntala, yolembedwa ndi inki yofiira: "Katundu akagulidwa sabwezedwa." Ndinasuzumira m'zipinda zinazo, namonso mawu ake omwewo. Mtima unandiwawa, chifukwa m'nyumba imeneyi ndi momwe ndinaphunzirira ndili mwana kuti chinthu chikakhala chowonongeka umabwerera nacho komwe unachigula, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Zinali zaka za m'ma 1980. Bambo akagulitsa mtedza ku ADMARC, ndalama zoyamba zinkathera m'golosale imeneyo: mchere, sopo wa mtanda, parafini, nsalu ya amayi, mwina nsapato za Bata ngati chaka chakoma. Eni golosale anali bambo wachikulire, wolankhula pang'onopang'ono, wokonda kupachika pensulo kukhutu. Kugula kwa masiku amenewo kunalibe changu. Nsalu ankaitambasula yonse kuti amayi aone ngati ilibe pobooka. Tochi ankaiika mabatire n'kuiyatsa pamaso panu. Mbale ya chitsulo ankaigogoda ndi chala kuti mumve kulira kwake. Wailesi ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre, sinkatuluka m'sitolo isanalankhule. Ankaitsegula, n'kupotokola kabatani mpaka mawu a MBC amveke bwinobwino, anthu ali pakhonde n'kumagwedeza mitu kuti yagwira.

Chaka china bambo anagula nyali ya galasi. Usiku woyamba tinaona parafini akudontha pansi pake, mphasa yonse kununkha. M'mawa anandipatsa nyaliyo kuti ndikabweze, ine ndekha, mwana wa sitandade 4, wopanda kapepala kalikonse m'manja. Njira yonse ndinkayeseza zokanena. Nditafika ndinagwada pang'ono n'kunena kuti, "Agogo, bambo akuti nyali ija ikudontha." Anaitenga, anaitembenuza, anapaka chala pomwe panali potsekera ndi mtovu, n'kununkhiza chalacho. Kenako anakwera pampando, anatsitsa ina, anathiramo parafini wawo, n'kuiika pa nyuzipepala kuti tione ngati inyowetse. Tinadikira. Pepalalo litakhala louma anandipatsa nyaliyo pamodzi ndi switi, n'kuti, "Ukawauze bambo ako kuti pepani." Basi, nkhani inathera pomwepo.

Sanachite zimenezi poopa lamulo. Sindikhulupirira kuti m'mudzi monse munali munthu wodziwa kuti kuli lamulo la kagulitsidwe ka katundu. Chimene chinkagwira ntchito n'chakuti wogulitsa ankakhala pakati pathu. Maliro akagwa ankapezeka nawo kumanda, Lamulungu tinkapemphera naye limodzi, ana ake tinkaphunzira nawo kalasi imodzi. Akanakaniza nyali ija, pofika madzulo nkhani ikanakhala itafika kuchitsime ndi kuchigayo, ndipo mbiri ikaipa pamalo aang'ono ngati amenewo malonda atha. Komanso iye ankatikhulupirira: anali ndi buku la ngongole momwe ankalemba mchere ndi sopo wa miyezi ya njala, kudikira nthawi yokolola. Munthu amene wakudalira kuti udzabweza ngongole sangakuganizire kuti nyali waiboola dala.

Chinthu chikawonongeka patapita nthawi, chinali ndi kopita. Pansi pa mtengo wa mango panali wokonza njinga, kuseri kwa msika wokonza mawailesi ndi mawotchi, ndipo wokhoma zidebe ankatseka poto wobooka n'kukhalanso zaka. Katundu ankapangidwa moti n'kukonzedwa.

Ndikudziwa kuti nthawi imeneyo inali ndi zowawa zake. Katundu anali wochepa, nthawi zina shuga ankasowa, ndipo pa ulamuliro wa chipani chimodzi munthu sunkangodandaula pagulu za zinthu zazikulu. Amwenye omwe anali ndi masitolo kumidzi anali atawasamutsira m'mizinda m'zaka za m'ma 1970, malo ena n'kutsala opanda sitolo yodalirika. M'masitolo akuluakulu a m'tauni monga PTC ndi Kandodo, munthu wa kumudzi ankalowa mwamantha. Zonsezi n'zoona. Koma ndikaika pa sikelo, ndimapezabe kuti wogula wamba ankalemekezedwa, ndipo ndalama yake yochepayo inkagula chinthu chokhalitsa.

Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1994, matipate atabwera ndipo malonda atamasulidwa. Mavenda anadzaza m'misewu, kaunjika anafika ponseponse, kenako katundu wotchipa wochokera kunja anasefukira. Ambiri tinavala bwino koyamba, tinagula mafoni, tinayatsa magetsi a sola m'nyumba za udzu, ndipo sindinganyoze zimenezo. Koma wogulitsa anasanduka mlendo. Lero ali pa Limbe, mawa ali ku Lilongwe. Mayi wogula belo la kaunjika amalipira asanaone zamkati, akakapeza nsanza zokhazokha n'zake. Mlimi amagula mbewu m'paketi yokongola, n'kudzazindikira kuti inali yabodza mvula itapita kale. Ena amaona nsapato pa Facebook kapena pa WhatsApp, kutumiza ndalama, kenako foni ya wogulitsa osapezekanso. Ngakhale lisiti ya makina ija, ukaisunga m'chikwama miyezi ingapo, zolemba zonse zimafufutika n'kutsala kapepala koyera. Ndipo kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, foni yofa patatha mlungu umodzi ndi ndalama ya chakudya cha banja lonse.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti lero malamulo alipo, oposa amene agogo a golosale aja anawamvapo. Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards lilipo kuyambira 1972. Bungwe loimira ogula la CAMA linayamba mu 1994, ndipo mawu a John Kapito takhala tikuwamva pawailesi zaka zambiri. Mu 2003 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza ogula. Kulinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC), lomwe limalandira madandaulo a ogula, ndipo mu 2024 linapatsidwa lamulo latsopano lolipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa ochita malonda mwachinyengo. Bungweli lakhala likuchenjeza kuti wogulitsa sangadzichotsere udindo pa katundu wowonongeka pongokhoma chikwangwani. Ndiye kuti katoni ija ya inki yofiira ilibe mphamvu imene timaipatsa. Komabe timaiwerenga, kuweramitsa mutu, n'kubwerera kunyumba tikudziuza kuti ndi tsoka chabe. Ena amaopa kuoneka amphawi akabwerera ndi chinthu cha mtengo wotsika. Ena amawerengera mtengo wa minibasi yopita kutauni kukadandaula, n'kuona kuti ukuposa wa chinthucho.

Ogulitsa a masiku ano si onse oipa mtima. Mtsikana amene anandigulitsa tchaja ndi wolembedwa ntchito chabe, ndipo abwana ake nawonso anapikula katunduyo kwa munthu amene sangamubwezere. Koma unyolo umenewu sungathere pa wogula nthawi zonse, ngati kuti iye yekha ndiye woyenera kusenza zolakwa za onse. Ine ndinamupempha kuti aiyese tchajayo pafoni yanga ndisanalipire, ndiponso kuti andilembere lisiti ya pamanja yokhala ndi tsiku ndi dzina la sitolo. Anayamba wadabwa, koma analemba.

Inunso chitani chimodzimodzi. Yesani chinthu musanapereke ndalama, itanitsani lisiti, ijambuleni pafoni isanafufutike. Chikakhala chowonongeka bwererani nacho msanga, mulankhule mwaulemu koma osagonja, ndipo akakana kakauzeni a CFTC kapena a CAMA. Mukamapita tenganiko mwana wanu, aone ndi maso ake kuti katundu wowonongeka amabwezedwa.